Sitima Yochokera Kumanzere

Lolemba, 2 Juni

Wandibera. Ndilembe msanga ndisanaphulike: mchimwene wanga wandibera sitima.

Masana ndili ku shopu ndikudulira mayi wina makiyi, foni yangoti ngii. Gulu la pa foni la kalabu yathu yomanga zinthu ndi timanjerwa ta pulasitiki tolumikizana. A Tcheya anapempha kuti aliyense aponye chithunzi cha chomwe akumanga pa mpikisano, ndiye anthu akuponya. Wina ndege, wina amuna a pa mahatchi, wina chinyumba chikuyaka. Kenako chithunzi cha Mwini Zonse, mchimwene wangayo. Mlatho wa njanji wothyoka pakati, madzi osefukira pansi pake, sitima ikutulukira kumanzere, kamayi ka chikhothi chofiira kakuthamanga ndi nyali kukaiimitsa. Changa chija! Chomwe ndakhala ndikumanga pa tebulo la pabalaza chiyambire Januwale, mpaka akunyumba kumadyera pa maondo.

Kiyi ya mayi uja ndinaiononga, mano anatuluka ngati a nkhalamba. Ndinachita kudula ina.

Kuti zisaoneke kuti wakopera, wazunguliza chifelemu choyera, kutsogolo kwake waikako chibokosi chakuda chachitali, chonyansa. Akundiyesa mwana. Chinthu changa ndingachidziwe ngakhale atachiveka suti.

Lachiwiri, 3 Juni

Ndadziwa m'mene zinadutsira. Mlamu. Mkazi wa Mwini Zonse ameneyu mwezi watha anabwera kudzabwereka chikombole cha keke, n'kuima pa tebulo langa manja ali kukamwa. “Ee, koma mlamu muli ndi manja! Ndijambuleko, ndikaonetse ana.” Ine kumuyatsira getsi, kumusunthira mpando kuti ajambule bwino. Chitsiru ine.

Akunyumba akuti, “Mwina mwangoganiza zofanana, si ana a munthu mmodzi?” Ndawauza kuti akapitiriza nkhani imeneyo adyera pa maondo mpaka Disembala.

Akanandibera china chilichonse ndikanangotukwana n'kusiya. Koma uwu si mpikisano wamba. Holo yakale ya kanema, imene ababa ankayendetsamo makina moyo wawo wonse, aikonza. Eni ake atsopano aika kabati ya galasi pakhomo, pansi pa chithunzi cha ababa, ndipo apempha kalabu yathu kuti aliyense amange chochitika cha mu kanema wina aliyense amene anaonetsedwapo m'menemo. Chopambana chidzakhala mu kabatimo, dzina la wochimanga lili pansi. Pansi pa nkhope ya ababa.

Jekete la ababa linapita kwa iye. Wotchi, iye. Makina oonetsera kanema aja, amene eni akale anapatsa ababa popuma ntchito, anawatenga iye, n'kugulitsa osafunsa munthu. N'chifukwa chake ndimamuti Mwini Zonse. Kabati yokhayi sailawa. Ndalumbira.

Lachinayi, 5 Juni

Tsiku lonse ku shopu ndimangokumbukira zakale, mtima uli myuu.

Ababa sankalola mwana wamkazi kulowa mu holo. Ankati m'menemo muli utsi wa fodya ndi pakamwa poola. Mwini Zonse yekha ndiye ankaloledwa. Ankakwera nawo ku kachipinda ka makina, ankanyamula tochi n'kumaonetsa anthu mipando, chifuwa chili patsogolo ngati holoyo ndi yake. Ine ndinapeza njira yanga. Kuseri kwa holo kunali kachitseko kotulukira ku zinyalala, mpiringidzo wake sunkagwira. Loweruka masana ndinkangokankha pang'ono, kulowa, kukhala pa kereti ya zakumwa kuseri kwa chinsalu. Chinsalucho chinali chopyapyala, zonse zinkaoneka. Anthu aakulu ngati nyumba, ine kamwana ka masiketi ong'ambika ndili phee mumdima.

Kanema wa sitima uja anakhalitsa, anthu ankamukonda. Dzina lake sindinalidziwe n'komwe, zilembo ndinali ndisanaziphunzire, ndipo chikulireni sindinamuonenso. Koma pamene mayi uja akuthamanga pa mlatho, chikhothi chikuuluka, sitima ikulira, ndingapajambule maso ali chitsinzinire. Ndinkagwira kereti ndi manja onse awiri n'kumanong'ona kuti thamanga mayi, thamanga.

Chimenecho n'changa. Iye anali pamwamba, pa mpando wofewa, pambali pa ababa. Anali ndi makanema onse a m'dziko. Wasowa chiyani kuti adzatenge kamodzi kanga ka kuseri kwa chinsalu?

Loweruka, 7 Juni

Msonkhano wa kalabu, m'chipinda chathu chija cha pamwamba pa sitolo ya matayala. Ndinalowa nditakonzeka.

Anali atakhala pafupi ndi bokosi la kalabu, akusankha timanjerwa toyera, magalasi ali pa mphuno. Atandiona anati, “Kambewa, zikuyenda?” Mpaka lero Kambewa, munthu wa imvi ngati ine. Ndinati, “Zikuyenda achimwene, mpaka zina zayenda zokha kukafika kwanu.” Anangoseka pang'ono n'kupitiriza kusankha. Kuseka! Ndikanakhala ndi chogenda.

Ndinakadandaula kwa a Tcheya. Anakanda dazi lawo n'kuti palibe lamulo loletsa anthu awiri kumanga chinthu chimodzi. Kenako anayamba kutiwerengera malamulo ngati sitiwadziwa. Guluu ayi. Penti ayi. Kudula kanjerwa ndi mpeni ayi. Chomanga chifanane ndi m'mene zilili mu kanemamo. Ndipo mwambo wathu wa chaka chilichonse: wopambana akalengezedwa, belu likalira, ena nonse mumagumula zanu pomwepo, timanjerwa ta kalabu n'kubwerera mu bokosi, tofiira kwa tofiira, toyera kwa toyera. Palibe kulira, palibe kuti ndijambule kaye.

Ndikufuna ndidzamuone akugumula. Ndidzakokera mpando pafupi.

Potuluka a Tcheya anatchula kuti eni holo anapeza matepi akale a makanema m'chipinda chosungiramo katundu, anawasamutsira pa kompyuta, ndipo wofuna kutsimikiza chake akhoza kupempha. Ambiri anati safuna, akudziwa kale. Mwini Zonse anali atatsika. Ine ndinapempha wa sitima, kungoti ndione ngati mazenera a sitimayo anali abuluu kapena otuwa.

Lamulungu, 8 Juni

Mayo ine.

Titaweruka ku tchalitchi ndinakhala pa khonde ndi foni, akunyumba akusuzumira pa phewa. Nyimbo ija itangoyamba misozi inabwera yokha. Mvula, mlatho, madzi. Kenako sitima. Inatulukira KUMANJA.

Ndinabweza. Kumanja. Mayi uja akuthamangira mbali ina, nyali ili m'dzanja lamanja, pomwe ine ndinamugwiritsa kumanzere. Nsanja ya mlonda, phompho, mtengo wakugwa, zonse zasinthana malo. Ndinati a Tcheya anditumizira chinthu chowonongeka. Akunyumba anatenga foni, kuyang'ana, kuyang'ananso pa tebulo langa kudzera pa zenera, kenako anafunsa mofatsa ngati akufunsa wodwala kuti, “Amayi, paja munkaonera mbali iti ya chinsalu?”

Mutu unaima. Kuseri. Ndinkaonera kuseri! Zonse ndinkaziona chotembenuka ngati pa kalilole, ndipo zaka zonsezi ndasunga m'mutu kanema amene munthu wolipira pakhomo sanamuonepo.

Ndinalowa m'nyumba n'kukhala pansi. Miyezi yonseyi ndamanga chinthu cholakwika. Ndinalira pang'ono, sindibisa.

Kenako ndinasiya kulira, chifukwa ndinakumbukira chithunzi cha pa gulu chija. Ndinachitsegula. Sitima ya Mwini Zonse ikuchokera kuti? Kumanzere. Nyali ili dzanja liti? Lamanzere. Munthu amene ankaonera pamwamba, kutsogolo, pambali pa makina enieniwo, angalakwitse bwanji ngati ine? Wakopera mpaka cholakwa chomwe! Wakuba waba thumba lobooka, ufa ukumutsatira mpaka pakhomo pake.

Ndinaseka mpaka akunyumba anabwera kudzaona ngati ndili bwino. Ndili bwino kwabasi. Adzaona chomwe chidameta nkhanga mpala.

Lolemba, 9 Juni

Osauza munthu. Changa nditembenuza, chake chikhale chomwecho.

Lachiwiri, 10 Juni

Akunyumba akuti, “Bwanji osangozunguliza tebulo?” Anthu osamanga! Ukazunguliza uona msana wa khoma la thambo, zoikira ndi mipata yokhayokha. Akuti, “Nanga kungotembenuza sitima?” Nanga phompho? Nanga nsanja? Mlatho sunathyoke pakati penipeni, unathyokera mbali imodzi. Chilichonse chiyenera kuchoka n'kukaima kwina.

Ndinabwera msanga kuchokera ku shopu, kutenga kozulira timanjerwa kanga, n'kuyamba. Madzi poyamba, timagalasi tabuluu tija ndinatiyala kamodzikamodzi mwezi wonse wa Febuluwale. Kenako zipilala. Phokoso la timanjerwa tikugwera mu beseni silinandipwetekepo chonchi. Pofika pa kamayi kaja ndinaima kaye. Ndinakatulutsa nyali m'dzanja lamanzere n'kukagwiritsa kumanja. Kakuoneka ngati kamlendo, ngati kabwereka nyali ya mwini.

Ndinadziuza kuti ndi pulasitiki chabe, ndipitirize. Pofika nthawi ya chakudya pa tebulo panali mbee, ndipo akunyumba anadyera pa tebulo koyamba chaka chino. Sanasangalale. Anangoti, “Chija chinali chokongola.”

Lachinayi, 12 Juni

Vuto. Timanjerwa topendekeka ta phompho tili ndi mbali, takumanzere ndi takumanja, sitisinthana. Tanga tonse ndi takumanzere. Ndinathamangira ku chipinda cha kalabu nthawi ya nkhomaliro, kuvundukula bokosi lonse mpaka zikhadabo kuthyoka. Ndapeza tokwanira theka la phompho. Theka linalo ndibisa ndi zitsamba, alipo adzawerenge?

Ndikutsika masitepe ndinaponda kanjerwa kamene kanagwera mu nsapato. Ndinatukwana mpaka anyamata a matayala anasiya kupopa.

Lachisanu, 13 Juni

Kazitape wabwera. Akuti akubweza chikombole cha keke, patha mwezi! Mwayi ndinamuonera pa zenera, ndinafunditsa tebulo ndi bedishiti.

Maso ake ali pa bedishitipo. “Mwamaliza mlamu?” Ndinati ndinamaliza kalekale, ndikungoteteza fumbi, chili m'mene munachijambulira muja. Ndinamupatsa tiyi wopanda shuga, dala.

Ponyamuka anayamba kuzungulira. Akuti achimwene anu akuti mubwere kunyumba mpikisano usanafike, ali ndi choti akuonetseni. Ndinati chomwe akufuna kundionetsa ndinachiona kale, ndine ndinachipanga. Akuti ayi mlamu, si choncho, mungobwera. Ndinati mukawauze kuti tikaonana ku holo, abwere ndi beseni lalikulu.

Akufuna andinyengerere, mwina andiuze kuti tiphatikize, dzina lake pamwamba langa pansi. Ndamudziwa kuyambira ali ndi kabudula. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Loweruka, 14 Juni

Ndinaimbira a Tcheya ndi mawu anga a ku tchalitchi. Ndinati, bwanji tsiku la mpikisano, popeza matepi apezeka, tizionetsa kachigawo ka kanema aliyense pa chinsalu oweruza asanaone chomangacho? Anthu asangalale, komanso chilungamo chioneke. Anakondwa ngati ndawapatsa tsitsi. Akuti ganizo labwino zedi, alengeza tsiku lomwelo kuti likhale lodzidzimutsa.

Lidzadzidzimutsadi.

Lolemba, 16 Juni

Manja anga akundiukira. M'mawa ndisanapite ku ntchito ndinamanga nsanja ya mlonda yonse, mpaka kadenga, n'kuima patali kuti ndione. Ili kumanzere. Ndaimanganso kumene inali! Kugumula, kuyambiranso. Tsopano ndatsamiritsa foni pa chitini cha shuga, chithunzi cha kanema chili chiimire, ndipo kanjerwa kalikonse ndimayamba ndafunsa foni ngati mwana wa sukulu.

Chikutuluka bwino, sindinama. Mlatho wa ulendo uno ndi wolimba kuposa woyamba, madzi ndawapatsa thovu loyera m'mbali mwa zipilala. Koma ndikachiyang'ana sindimva kanthu. Sindinong'ona kuti thamanga mayi. Chili ngati nyumba ya eni yokonzedwa bwino.

Zilibe kanthu. Sindikumanga kuti ndimve kanthu.

Lachitatu, 18 Juni

Ku shopu kunalibe anthu, ndiye ndimayeserera zokanena. Makina odulira makiyi ndiwo anali a Tcheya, maloko a pa khoma anali anthu. “Funsani bambo awa, amene ankakhala pamwamba ndi ababa, kuti sitima yawo ikuchokeranji kumanzere.” Ndinabwereza mpaka mawu anakhala bwino pakamwa. Mnyamata wina analowa kudzagula loko wa njinga n'kundipeza ndikuloza khoma ndi chala. Anatuluka osagula.

Madzulo akunyumba anayesanso. “Amayi, kumupambana kokha sikukwana? Mpaka kumuvula pa gulu? Chibale ndi fupa, sichiola.” Ndinati fupa lomwelo likakhala pakhosi limatsamwitsa. Ndinawafunsa kuti anali kuti tsiku limene ndinapita kukapempha makina a ababa kuti ndingowasunga, ndiziwapukuta, n'kupeza pa shelefu pali bwalo la fumbi lokha. Munthu uja anandiyankha kuti, “Zinali zitsulo chabe, Kambewa.” Zitsulo chabe! Ine amene sindinaloledwe ngakhale kuwakhudza ababa ali moyo.

Akunyumba anangoti, “Ndamva,” n'kukatsuka mbale. Akatero ndiye kuti sanamve.

Lachisanu, 20 Juni

Chatha. Ndachikulunga mu katoni ya firiji, pilo mbali zonse. Diresi yofiira yasitidwa.

Loweruka, 21 Juni

Ndapambana.

Ndilembe mwa dongosolo, mwina ndimvetsa.

Holo aikonza mpaka sindinaizindikire, mipando yofewa, fungo la penti. Chithunzi cha ababa chili pakhomo, avala tayi ija ya madontho, pansi pake kabati ili mbee kudikira. Matebulo athu anawandandalika kutsogolo, pansi pa chinsalu. Changa ndinachisiya chofunditsa mpaka nthawi itakwana. Chake chinali poyera, ndi chifelemu chake choyera ndi chibokosi chakuda chija. Anthu anaunjikana pamenepo kuchiyamikira. Iye ali pambali, wavala jekete la ababa. Jekete la ababa! Ngati panali kachifundo kotsala, kanathera pamenepo.

A Tcheya analengeza za matepi, anthu anaomba m'manja. Ndinamuyang'ana kuti ndione nkhope ikugwa. Sinagwe. Ndinati limba, tione.

Zinayenda bwino kwa wa ndege, wa mahatchi anaseketsa anthu chifukwa hatchi ya mu kanema inali yoyera, yake yakuda. Kenako ife awiri pamodzi, poti kanema ndi mmodzi. Ndinavundukula changa. Mwini Zonse anachiyang'ana, apo ndiye nkhope inasintha. Anayang'ana sitima, kuyang'ana kamayi, kenako ine. Ndinamva kukoma mpaka m'zala za kumapazi.

Magetsi anazima, nyimbo, mvula, sitima kutulukira kumanja. Magetsi atayaka anthu anayamba kunong'ona, kuloza chake, wina kumbuyo anaseka. Mwa dongosolo aliyense amapatsidwa mpata wofotokoza chomanga chake, ndipo iye ndiye anali woyamba. Anali ataika kale dzanja pa chibokosi chakuda chija. Sindinamudikire. Ndinaimirira ndi diresi yanga yofiira n'kunena zonse, monga ndinayeserera, mwinanso kuposa. Za kachitseko, za kereti, za kuti ine ndekha pa dziko lapansi ndinaonera kanemayu kuseri kwa chinsalu, za mlamu ndi foni yake. Ndinati, “Bambo awa ankakhala pamwamba. Afotokoze kuti cholakwa changa chafika bwanji pa tebulo lawo.” Ndipo ndinalitchula liwulo. Wakuba. Pamaso pa mkazi wake, ana ake, eni holo, ndi chithunzi cha ababa.

A Tcheya, dazi lili thukuta, anamufunsa ngati ali ndi choyankha. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anachotsa dzanja pa chibokosi chija n'kuti, “Ayi, ndilibe.”

Oweruza sanachedwe. Dzina langa. Anthu anaomba m'manja mwaulesi, akunyumba sanaombe n'komwe. Belu linalira, holo yonse inadzaza phokoso la timanjerwa tikugwera m'mabeseni. Ndinachita monga ndinalonjezera: ndinakoka mpando n'kukhala pafupi ndi tebulo lake, miyendo ili chopingasa.

Anayamba ndi chibokosi chakuda. Sichinali chogumula, chinali ndi chivundikiro. Anachinyamula n'kuchiika pambali.

M'katimo munali kachipinda. Pansi pa simenti yotuwa, tsache, ndowa. Kereti yachikasu. Pa keretipo kamtsikana ka siketi yobiriwira, manja onse awiri agwira m'mbali, kakuyang'ana sitima. Apo ndi pamene ndinaona kuti chifelemu choyera chija ndi chinsalu, mpaka matabwa ochigwiriziza kumbuyo anawaika. Sanalakwitse kanthu. Anamanga kuseri.

Ndipo kumbuyo kwa kamtsikanako, pa kachitseko, panaima kamnyamata ka tochi yozima, dzanja limodzi lili pa mpiringidzo.

Ndinati, “Uyu ndani?”

Sanandiyang'ane, anali akuzula kale zipilala za mlatho. Anati, “Iwe umadula makiyi tsiku ndi tsiku. Unaonapo mpiringidzo wa m'kati umene umafa Loweruka lokhalokha?”

Akuti ankauza ababa kuti akukayendera anthu osuta, n'kutsika kudzatsegula. Ndikalowa ankabwerera kudzaima pamenepo mumdima, kumvetsera ngati ababa akutsika masitepe. Akuti wa sitima uja sanamuonerepo kutsogolo mpaka kumapeto, nthawi zonse ankamuonera pamwamba pa mutu wanga, ine ndikunong'ona kuti thamanga mayi. Ananena mawu omwewo. Sindinauzepo munthu mawu amenewo.

Ndinati nanga zithunzi za mlamu? Anati, “Ndinaziona, eya. Ndinati Kambewa sanaiwale. Ndinafuna uone mbali imene sunkaiona.” Kenako anazula kachitseko n'kukaponya mu beseni.

Ndinati achimwene dikirani. Anati belu lalira. Ndinathamangira kwa a Tcheya, akuti mwambo ndi mwambo, inuyo mayi ndi amene mumaukakamira chaka chilichonse. Pobwerera ndinapeza chinsalu chagwa, sitima ili zidutswa, mwana wake wamkulu akusankha toyera kwa toyera osandiyang'ana. Mlamu anandidutsa ngati mtengo.

Kereti ndi kamtsikana zinali m'mphepete mwa tebulo, kudikira kupita ku bokosi la kalabu. Ndinaziphimba ndi dzanja n'kuziponya m'chikwama. Palibe anaona, kapena anaona n'kungokhala chete.

Lamulungu, 22 Juni

Sindinapite ku tchalitchi. Akunyumba sananene kuti ndinakuuzani. Bola akananena, ndikanapeza wokangana naye.

Za makina aja sindinamukhululukire, zimenezo zilembedwe. Ndi jekete lomwe. Ndipo akanatha kungondiimbira foni ngati munthu, m'malo motuma mkazi ndi chikombole cha keke. Akanathanso kutsegula chibokosi chija pamene a Tcheya anamufunsa, anthu akanaseka ine. Sanatsegule. Chimenechi ndiye chikundinyansa kuposa zonse.

Ndafufuza mu foni. Changa choyamba chija, chakumanzere, ndilibe ngakhale chithunzi chimodzi. Amene ali nazo ndi mlamu.

Lolemba, 23 Juni

M'mawa ndinakaika chomanga mu kabati. Chakwana bwinobwino, getsi likuwala pa madzi, dzina langa pansi. Mwini holo anati n'chimodzimodzi ndi kanema, ngati wachita kudula pa chinsalu. Ndinati zikomo. Ababa akuyang'ana pamwamba pake ndi tayi yawo. Ndi kanema amene iwo ankaona, wa anthu a matikiti. Ine mulibemo.

Ndisanatuluke ndinapempha kuona kuseri. Kachitseko kaja anakatseka ndi njerwa, pali khoma losalala. Ndinaima pamenepo kuyesa kukumbukira kuti kanali mbali iti, osatha. Zaka zonse zija sindinacheukepo n'kamodzi komwe.

Ku shopu ndinaimika kamtsikana pa kereti yake pambali pa makina odulira makiyi. Ndinalemba uthenga wautali, kufufuta. Wina wautali, kufufuta. Pomaliza ndinangolemba kuti, “Achimwene, kachitseko kaja kanali kumanzere kapena kumanja?”

Anawerenga nthawi yomweyo. Osayankha. Ndinadula makiyi a sukulu yonse ya mkaka, kudya, kusesa, foni ili chete.

Ndikutseka shopu, ngii.

“Kumanzere. Ubweretse kereti unaba ija, ndilibe ina.”

Ndauza akunyumba kuti asandidikire chakudya, ndikupita kwa achimwene. Ndatenganso beseni la timanjerwa topendekeka tija, takumanzere, tonse tili kwa ine.